ZA AMISIRI ATHU: Kasefa ka Mau Kadya Pang'ono, Koma Kasankha Cakudya

Munthu amene acokera ku Petauke, ku Katete kapena ku Chadiza nafika mu Lusaka pa Loweruka masana, amayamba kuumva mzindawo asanauone bwino. Pa Chelstone, pamene mseu waukulu wa kum'mawa ulowa m'tauni, pamakhala kale kugunda. Ku Kabwata kuli ukwati, ku Woodlands amai asonkhana pa kicheni pate, ku Kabulonga kuseri kwa mipanda yaitali kuli madyerero a mwana amene watsiriza maphunziro, ndipo m'machalichi oimba ali kukonzekera za mawa. Ponseponse pamveka liu limodzi lalikulu, lolowa m'cifuwa koposa m'makutu. Liu limeneli licokera m'bokosi limene a m'tauni alicha sabuwufa, ndiyo sipika yaikulu yolira mau aakulu okhaokha, amene oimba amati besi.

Ena mwa mabokosi amenewa sanaone fakitale ai. Kalipentala wa m'komboni akhoma bokosi la matabwa, sipika igulidwa ku Kamwala kapena m'tisitolo ta pakati pa Cairo Road ndi Freedom Way, ndipo mnyamata wokonza mawailesi awocherera yekha ampulifaya pa thebulo la kuseri kwa nyumba. Palibe cacilendo pamenepa. Makolo a anyamata omwewa ndiwo anali kupanga magitala a zitini, ndipo nyimbo za kalindula, zimene zinachuka kwambiri m'zaka za m'ma 1980, zinatenga dzina lao ku coimbira ca besi copangidwa pamanja ca ku Luapula. Mzambia anayamba kale kudzipangira besi yace.

Mabokosiwo sakhalitsa m'tauni. Amakwera basi pa Intercity napita kumudzi, kumene mwini wace amawabwereketsa pa maukwati, pa misonkhano ya sukulu ndi pa masewera a mpira, napezapo ya feteleza. Koma dandaulo locokera kumidzi lifanana ndi la m'tauni. Bokosi likayatsidwa, nyimbo isanayambe, limang'ung'udza ngati njuci za m'mng'oma. Lina ligunda bwino masana, koma dzuwa likalowa liyamba kubuula. Lina mwini wace anangomva fungo la kupserera tsiku loyamba, basi kwatha. Mwini amaimba mlandu sipika, nagula ina, ndalama zipita, kung'ung'udza kukhalabe. Kawirikawiri wolakwa ndi kanthu kakang'ono kamene kakhala patsogolo pa ampulifaya, ndiko kasefa ka mau, ndipo makamaka njira imene kasefako kapatsidwira magetsi.

KASEFA KAMENEKA N'KOTANI?

Wodziwa ng'oma za gule safunika kumuuza zambiri. Mbalule ili ndi liu lace, mpanje uli ndi lace, ndipo gunda ndiye agunda pansi pa zonse. Palibe woimba wanzeru amene angakakamize gunda kulankhula za mbalule. Sipika yaikulu ili monga gunda. Khutu la wacinyamata limva mau ogwedezeka kuyambira ka 20 kufikira ka 20,000 pa sekondi imodzi, ndipo muyeso umenewu uchedwa hertz. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi ilira pa ma hertz 41. Sabuwufa iyenera kupatsidwa mau osapitirira 80 kapena 100; ikapatsidwa liu la woimba ndi la malipenga imalitafuna, mau namveka ngati a munthu wolankhulira mumtsuko.

Nchito ya sefa ili pamenepa. Sefa ya amai ilola ufa wosalala kudutsa nisunga misere. Ya mmisiri icita zotembenuza: ilola mau aakulu kudutsa nitsekereza aang'ono. Ikhoza kupangidwa ndi nkhata zazikulu za waya wamkuwa zoikidwa pafupi ndi sipika, koma zimenezi n'zolemera ndiponso zodula. Njira ina inalongosoledwa m'caka ca 1955 ndi akatswiri awiri a ku America, R. P. Sallen ndi E. L. Key, ndipo amisiri a kunyumba aitsatabe kufikira lero. Ifuna marezisita awiri, makapasita awiri ndi kokuzira mau kamodzi. Masiku ano kokuzirako ndi kacipangizo kakuda ka miyendo 8, kolingana ndi njere ya nyemba, kamene amisiri akacha op-amp. Maina odziwika ndi TL072, NE5532 ndi 4558. Kotsirizaka kapezeka kawirikawiri m'mawailesi akale a makaseti, ndipo mmisiri wosamala sataya wailesi yakufa asanaone m'mimba mwace. Marezisita a ma ohm 20,000 ndi makapasita a 100 nF aika malire a sefa pafupi ndi ma hertz 80.

Sefa yotere siigwira nchito popanda magetsi ace. Njala yace n'njocepa zedi. TL072 idya ma milliampere ngati 3, pamene milliampere ndi gawo limodzi cabe la magawo 1,000 a ampere. Ampulifaya imene ili pambuyo pace imeza ma ampere athunthu. N'cifukwa cace anyamata amaipeputsa. Amati kanthu kodya pang'ono cotere kangadye paliponse. Koma kasefaka kali ngati wodwala wa m'cipatala amene angomwa phala la supuni zitatu, ndipo supuni zitatuzo ziyenera kukhala zopanda mcenga.

Coyamba, op-amp ifuna magetsi a mbali ziwiri. Mau ndi kugwedezeka, kupita ndi kubwerera, monga katungwe wa ana. Katungwe womangidwa pafupi ndi cipupa angopita mbali imodzi, mbali inayo mwana agunda mutu. Momwemonso kacipangizoka kafuna mawaya atatu. Wa pozitivu wa mavolti 12 kapena 15 upita ku mwendo wa 8, wa negetivu wolingana nao upita ku mwendo wa 4, ndipo pakati pao pakhala waya wa ziro wochedwa giraundi. TL072 siipirira mavolti opitirira 18 mbali iliyonse, NE5532 ifika pa 22. Wosinthanitsa mwendo wa 4 ndi wa 8 apha kacipangizoko nthawi yomweyo.

Caciwiri ndico cobvuta kumvetsa, ngakhale ndico mwini nkhani. Magetsi a ZESCO afika m'nyumba pa mavolti 230, ndipo apita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi. Akaongoledwa ndi madayodi kuti ayende njira imodzi, amatsala ndi timafunde tokwera ndi kutsika ka 100 pa sekondi. Tsono wowerenga ayerekeze manambala amenewa ndi aja a sefa. Ma hertz 50 ndi 100 ndiwo mau omwewo amene sefa inapangidwira kuwatsegulira khomo. Ma hertz 50 ali pafupi kwambiri ndi liu la G la pa nsambo yaikulu ya gitala ya besi, ndipo sipika siidziwa kusiyanitsa gitala ndi thiransifoma. Zoona op-amp imakana gawo lalikulu la timafunde ta m'magetsi ace, koma siikana tonse, ndipo tolowera pa waya wa giraundi siitikana konse. Popeza sefa ikhala kumayambiriro kwa njira, kalikonse kotuluka mwa iyo kakuzidwa ndi ampulifaya ka 20 kapena ka 30. Akulu anati walira mvula walira matope. Wofuna besi waitananso kung'ung'udza kwa magetsi.

KUTAPA KU AMPULIFAYA

Ampulifaya yaikulu ili kale ndi magetsi a mbali ziwiri, kawirikawiri mavolti 35 kapena 50 mbali iliyonse. Mnyamata wofulumira aona mawaya atatu ali pomwepo, nalumikiza sefa yace molunjika. Fungo la kupserera lija licokera apa. Mnzace wodziwako pang'ono aikapo maregyuleta, tizipangizo ta miyendo itatu totsitsa magetsi ndi kuwasalaza, monga 7812 wa pozitivu ndi 7912 wa negetivu. Maganizo n'ngabwino, koma maregyuleta amenewa salandira mavolti opitirira 35. Ampulifaya yochedwa ya 35 ikakhala cete, kapena magetsi a m'khoma akakwera usiku anthu atagona, imadutsa malirewo. Regyuleta ikafa nthawi zina imalola magetsi onse kudutsa, nitenga op-amp kupita nayo kumanda.

Njira yochipa ndi yokhulupirika pano ndiyo rezisita ndi dayodi yochedwa zener, imodzi mbali iliyonse. Zener ya mavolti 15 ili ngati ngalande ya pa dziwe: madzi akafika pa muyeso, otsalawo atayikira kumbali. Masamu ace satenga nthawi. Kucotsa 15 pa 35 kutsala 20. Rezisita ya ma ohm 1,500 ilola ma milliampere 13 kudutsa. Sefa ya ma TL072 awiri idya 6, ndipo 7 otsala apita mu zener. Rezisitayo itentha pang'ono, kotero ikhale ya watt imodzi. Pa ampulifaya ya mavolti 50 ifunika ya ma ohm 2,200 ndipo ya ma watt awiri, yoikidwa motalikirako ndi bolodi kuti mphepo iziiomba. Pambali pa zener iliyonse pakhale kapasita ya 220 µF kapena kuposerapo, ndipo pa miyendo yeniyeni ya op-amp pakhale tina tiwiri ta 100 nF. Timakapasita tiwiriti ndito anyamata amatisiya poti n'tating'ono, koma popanda ito op-amp ikhoza kuyamba kuliza mluzu wace umene khutu silimva, niononga mau.

Wogwira m'kati mwa ampulifaya adziwe kuti makapasita aakulu, aja ooneka ngati zitini, asunga magetsi ngakhale pulagi yazulidwa. Mavolti 50 uku ndi 50 uko ndiwo 100 pakati pa nsonga ziwiri. Ayenera kuwakhuthula pang'onopang'ono ndi rezisita yaikulu, napima ndi mita asanaikepo cala. Kuwagunditsa ndi sikuludiraiva kuti athetheke moto ndi masewera a ana.

THIRANSIFOMA YACEYACE

Sefa yokhala m'bokosi lapadera ifuna thiransifoma yaing'ono ya mawaya atatu otuluka, madayodi anai a 1N4007, makapasita awiri a 1,000 kapena 2,200 µF opirira mavolti 35, ndi maregyuleta awiri aja. Ambiri amagula thiransifoma yolembedwa 12-0-12, poganiza kuti wofuna 12 agule 12. Masana igwira bwino. Ikaongoledwa ipatsa mavolti ngati 16, ndipo 7812 ifuna 14 ndi theka kuti igwire nchito yace. Malo otsala n'ngocepa. Madzulo amai onse a m'dera ayatsa masitovu, magetsi a m'khoma atsika. Akatsika kufika pa 190, aja 16 asanduka 13 ndi pang'ono, regyuleta ileka kusalaza, ndipo timafunde ta 100 tidutsa monga alendo pa nyumba yopanda citseko. Ili ndilo bokosi lija logunda bwino masana ndi kubuula madzulo, pa nthawi yeniyeni imene mkwatibwi alowa. Thiransifoma ya 15-0-15 ipatsa mavolti ngati 20, ndipo ngakhale magetsi atsike cotero itsalabe pafupi ndi 17. Kusiyana kwa mtengo n'kocepa poyerekeza ndi manyazi a pa ukwati.

Pali msampha wina umene wagwira ambiri. 7812 ndi 7912 zifanana nkhope ngati mapasa, koma miyendo yao isiyana. Pa 7812 mwendo woyamba ndi wolowera, wapakati ndi giraundi, wacitatu ndi wotulukira. Pa 7912 woyamba ndi giraundi, wapakati ndiwo wolowera. Komanso citsulo ca kumsana kwa 7912 cili ndi magetsi a negetivu. Wocimangirira molunjika ku bokosi lacitsulo wagunditsa magetsi. Thiransifoma ikhale ku ngodya ina ya bokosi, mawaya olowetsa nyimbo ku ngodya ina, pakuti thiransifoma imauzira kung'ung'udza kwace mu waya aliyense woyandikira. Ku mbali ya 230 kukhale fyuzi yaing'ono, monga ya 250 mA. Ikapsa ibwezedwe ina yolingana nayo. Pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya si fyuzi.

Za tizipangizo tabodza zineneka mwacidule. M'misika ya dziko lonse lapansi muli ma op-amp ndi maregyuleta olembedwa dzina labwino pamwamba, m'kati muli zina. Cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Regyuleta yatsopano ipimidwe ndi mita op-amp isanalowetsedwe, ndipo op-amp ikhale pa kampando kace kozulika, kuti ikafa isafune kusungunula bolodi lonse.

KUMENE KULIBE WAYA WA ZESCO

Nkhani ya wailesi ndi batire n'njakale m'dziko muno. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kupanga wailesi yochipa yooneka ngati poto, imene inatuluka m'caka ca 1949 nichuka ndi dzina lakuti Saucepan Special, kuti anthu a kumidzi azimva nyumba ya wailesi ya mu Lusaka. Inali kugulidwa mapaundi 5, ndipo batire lace linali ndi mtengo wapadera. Wailesi munthu anagula kamodzi, koma batire anali kuligula kawirikawiri. Patapita zaka 75, a m'tauni anaphunzira zimene a kumidzi adziwa kale. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo pofika mwezi wa September nyumba zambiri za mu Lusaka zinali kuona magetsi maola ocepa cabe pa tsiku. Wa ku Woodlands ndi wa ku Vubwi analingana: onse anayang'ana ku batire ndi ku sola.

Batire lili ndi ubwino umodzi waukulu. Mulibe 50, mulibe 100. Magetsi ace n'ngosalala cibadwire. Koma lili ndi mbali imodzi yokha, ndipo katungwe uja afuna ziwiri. Mmisiri apanga pakati pongoyerekeza. Marezisita awiri a ma ohm 10,000 aikidwa motsatana kucokera ku pozitivu kufikira ku negetivu. Pamene akumana pali mavolti 6, ndipo pamenepo op-amp iona ngati pa ziro. Kapasita ya 100 µF kucokera pamenepo kupita ku negetivu iletsa malowo kugwedera. Popeza tsopano mau ayenda atakwera pa mavolti 6, pa khomo lolowera ndi pa khomo lotulukira payenera kukhala kapasita yochinga magetsiwo ndi kulola mau okha. Apa ndi pamene besi imasowera m'manja mwa ambiri. Woikapo ya 0.1 µF patsogolo pa ampulifaya ya ma ohm 10,000 wafooketsa mau onse a pansi pa ma hertz 160, ndiko kuti wataya comwe anafuna kusunga. Ya 10 µF itsitsa malirewo pansi pa ma hertz 2, besi nidutsa yonse.

Ena amaika 7812 pa batire, poti dzina lace lili ndi 12. Batire la galimoto lodzala lili ndi mavolti 12.6 okha, ndipo lingofika pa 14 pamene lili kuchajidwa. Regyuleta imeneyi ikhala pamenepo ngati mlonda wogona. Tsono ng'oma ikagunda, ampulifaya imeza magetsi ambiri pa kamphindi, batire litsika, kutsikako kulowa mu sefa, sefa ikutumiza ku ampulifaya, ampulifaya imezanso. Bokosi liyamba kulira bu-bu-bu ngati cigayo ca dizilo. Mankhwala ace ndi rezisita ya ma ohm 100 pa waya wa pozitivu wopita ku sefa, yotsatidwa ndi kapasita ya 1,000 µF. Kapena regyuleta ya 7809, imene ikhutira ndi mavolti 11 nipatsa 9 osalala. Amene ali ndi mabatire awiri aang'ono a njinga yamoto akhoza kuwalumikiza motsatana, natenga giraundi pakati pao, napeza 12 uku ndi 12 uko popanda cipangizo cina. Kasefa kakhala nao masabata ambiri, malinga ampulifaya ikhale ndi batire lacelace.

Invata yochipa, imene isandutsa magetsi a batire kukhala a 230, imatulutsa mafunde a makona m'malo mwa ozungulira, ndipo makonawo amveka m'sipika ngati nyenje. Kukweza mavolti 12 kufika pa 230 kuti awatsitsenso kufika pa 12 ndi ulendo wa ku Chipata wodzera ku Livingstone. Machaja a mafoni ndi a makompyuta nawo ali ndi phokoso lao. Ndipo pa batire lililonse, pafupi penipeni ndi nsonga ya pozitivu, pakhale fyuzi. Batire la galimoto likagunditsidwa lipatsa ma ampere mazana, waya afiira ngati khala, ndipo denga la udzu silicedwa. Pochajidwa litulutsa mpweya woyaka, kotero malo ace ndi popita mphepo, kutali ndi mbaula ndi koloboi.

WAYA WA GIRAUNDI

Zikhoza kucitika kuti magetsi onse n'ngolondola, koma njuci zili momwemo. Pamenepo mmisiri ayang'ane giraundi. Waya aliyense, ngakhale wonenepa, amakaniza magetsi pang'ono. Giraundi ya sefa ikalumikizidwa pa waya yemweyo amene magetsi aakulu a sipika kapena a makapasita abwererapo, kasefa kamamwa madzi a kunsi kwa dooko la ng'ombe. Mawaya onse a giraundi akumane pa malo amodzi, aliyense ndi njira yace, monga tinjira ta m'mudzi tikumana pa citsime. Waya wotenga nyimbo akhale uja wokutidwa ndi ukonde wa mkuwa, ndipo akhale wamfupi. Mikisa, sefa ndi ampulifaya zitape pa soketi imodzi; zikatapa ku zipinda zosiyana, mawaya ao apanga mkombero umene ukoka kung'ung'udza.

Pali mcitidwe umodzi umene uyenera kutsutsidwa poyera. Ena apeza kuti akacotsa waya wa ku dzino lacitatu la pulagi, lija lalitali la pamwamba, phokoso lileka. Lilekadi. Koma dzino limenelo ndilo lipereka njira yothawira magetsi tsiku limene waya wamoto adzakhudza bokosi lacitsulo. Popanda ilo, mavolti 230 akhala pa bokosi, natsata waya kufikira pa maikolofoni, ndipo njira yao yopita pansi ikhala m'busa kapena mtsikana wa kwaya amene waimirira pa nthaka yonyowa. Phokoso licotsedwe ndi kukonza mawaya, dzino lisiyidwe pamalo pace.

Pofuna kudziwa kumene kuli bvuto, palibe cifukwa cosinthira zipangizo mwacimbulimbuli. Timabatire tiwiri ta mavolti 9, tija ta makona anai, tilumikizidwe motsatana, giraundi pakati, ndipo sefa idye pamenepo magetsi ace ena atacotsedwa. Kung'ung'udza kukaleka, mlandu uli pa thiransifoma, maregyuleta kapena giraundi yao. Kukapitirira, mmisiri azule waya wolowetsa nyimbo. Kukaleka apo, kucokera ku mikisa kapena ku waya yemweyo. Kukakhalabe ngakhale sefa yacotsedwa, ampulifaya ndiyo idwala. Mayeso onsewa satha mphindi 10.

Kayatsidwe nako kali ndi mwambo. Sefa ikamadzuka imatulutsa kugunda kumodzi kwakukulu, kumene kukhoza kukankha pepala la sipika kupyola malire ace. Kotero sefa iyambe kuyatsidwa, ampulifaya itsirize. Pozima, ampulifaya iyambe. Magetsi akathima pakati pa phwando, woyang'anira azime ampulifaya nthawi yomweyo, kuti pobwera asapeze khomo lotsegula. Ndipo popeza besi ipyola zipupa mosabvuta koposa mau ena onse, mmisiri wa m'mafulati a ku Kabwata, kumene cipupa cimodzi cigawa mabanja awiri, ayese zida zace masana. Mabwalo aakulu a ku Kabulonga alibe, ndipo mnansi wace adzuka m'mamawa kupita ku nchito.

Anyamata ambiri ogwira nchito imeneyi anaiphunzira poyang'ana manja a anzao. Bungwe la TEVETA, limene liyang'anira masukulu a zaumisiri monga Chipata Trades, limayesa mayeso a luso ngakhale kwa amene anaphunzira pamanja, ndipo pepala lace limathandiza pofuna nchito.

Kwa mlimi amene wagulitsa fodya kapena soya nabwera ku Lusaka kudzagula bokosi lopangidwa pamanja, mayeso ali m'manja mwace ngakhale sadziwa kuwerenga mita. Wogulitsa adzafuna kumuikira nyimbo yogunda kwambiri. Iye apemphe kuti nyimbo iimitsidwe, mau akwezedwe kufika pakati, ndipo aike khutu pafupi ndi sipika. Bokosi labwino lingopuma pang'ono ngati mphepo ya m'udzu. Afunse ngati sefa idya pa batire kapena pa magetsi a m'khoma, ndipo aumirire kulimva pa magetsi omwewo amene ali nao kumudzi, pakuti sefa yopangidwira thiransifoma siidzuka pa batire limodzi. Aonetsedwe pamene pali fyuzi, agule zina ziwiri zapadera ndi op-amp imodzi yosungira, ndipo nambala yace ilembedwe ndi coko m'kati mwa bokosi, kuti wokonza mawailesi wa pa boma adzadziwe coikamo.